Mmene Mungapezere WiFi Yothamanga ndi Yofika Patali Pakhomo: Malangizo kwa Anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Kabokosi ka intaneti kalowa m'makomo ambiri kuno kum'mawa. Aphunzitsi ali nako, a pa kiliniki ali nako, ndipo ogulitsa feteleza ndi mbewu ambiri amadalira iko pa ntchito yawo. Ena ali ndi MiFi, kaja kolowa m'thumba kokhala ndi batire lake. Ena ali ndi rauta, yokulirapo, yokhala pathebulo, imene imafuna magetsi nthawi zonse. Ntchito ya zonse ziwiri ndi imodzi: kulandira netiweki kuchokera pa nsanja ya MTN, Airtel kapena Zamtel, nsanja imene ambiri timangoti tawa, n'kuigawira mafoni ndi makompyuta a m'nyumba kudzera pa WiFi.

Ndiye kuti intaneti yanu imayenda maulendo awiri. Woyamba ndi wochoka pa nsanja kufika pa kabokosi, wachiwiri ndi wochoka pa kabokosi kufika pa foni yanu. Ikamachedwa, vuto limakhala pa umodzi mwa maulendowa, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ambiri amathamangira kugula bando yaikulu kapena rauta yatsopano pamene chofunika chinali kungosuntha kabokosi mamita awiri. Tsatirani malangizowa mmene alembedwera, chifukwa ambiri oyambirira safuna ndalama, ndipo odula ali kumapeto.

1. Yesani netiweki ya makampani onse musanagule chilichonse. Bwerekani ma SIM kwa achibale, muwaike mu foni ya 4G, muyese muli panyumba panu penipeni: m'mawa cha m'ma 06:00, masana, ndi madzulo pakati pa 19:00 ndi 21:00. Chitani zimenezi masiku awiri kapena atatu. Netiweki imene imathamanga m'mbali mwa msewu wa Great East Road pa Katete kapena pa Sinda ikhoza kufooka mukangolowa makilomita ochepa m'midzi, makamaka ngati phiri laima pakati pa inu ndi nsanja, monga zimakhalira kuseri kwa mapiri a Mphangwe kapena m'zigwa za ku Vubwi. Zimene mnzanu wa ku boma amayamikira sizikuuzani kanthu za pakhomo panu.

2. Sankhani kabokosi molingana ndi kukula kwa nyumba. MiFi ndi ya anthu awiri kapena atatu okhala m'chipinda chimodzi; WiFi yake ikadutsa mamita 10 imayamba kufooka, ndipo khoma likhalepo pakati, imafooka msanga kuposa apo. Nyumba ya zipinda zingapo, sitolo kapena ofesi ya sukulu imafuna rauta. Musanapereke ndalama funsani zinthu ziwiri: ngati imalandira SIM ya kampani iliyonse kapena ndi yokhomedwa ku kampani imodzi, ndiponso ngati kumbuyo kwake kuli timabowo tolumikizira mlongoti wapanja. Timabowo timeneti mudzatifuna pa nambala 15. Manambala akuluakulu olembedwa pa katoni, monga 150 Mbps kapena 300 Mbps, asakukopeni, chifukwa ndi malire amene kabokosi kangafike zonse zitakhala bwino, osati liwiro limene nsanja yanu idzakupatsani. Za 5G nazonso musazilipirire kampani isanakutsimikizireni kuti nsanja ya kwanu ili nayo. MTN inayamba kupereka 5G m'dziko muno mu Novembala 2022, koma inayambira m'mizinda ikuluikulu.

3. Pimani liwiro kawiri, pamalo awiri. Ikani pa foni pulogalamu ya Speedtest, kapena tsegulani tsamba la fast.com. Uzani onse a m'nyumba azimitse WiFi pa mafoni awo. Imani mita imodzi kuchoka pa kabokosi, mupime, mulembe. Kenako pitani m'chipinda chimene mumagwirira ntchito, mupimenso. Nambala imene mukuona ili mu Mbps, ndiwo muyeso wa kuchuluka kwa data imene ikudutsa pa sekondi imodzi. Ngati pafupi ndi kabokosi mwapeza 15 koma kuchipinda mwapeza 3, vuto ndi makoma a nyumba yanu. Ngati ponse pawiri mwapeza 2, vuto lili pakati pa nsanja ndi kabokosi, ndipo kugula rauta ina ya WiFi yamphamvu sikungasinthe kanthu. Dziwani kuti kupima kumadya data, choncho musamapime kakhumi pa tsiku.

4. Dziwani liwiro limene mukufunadi. Mauthenga a WhatsApp, kutumiza ndalama ndi kuyimba kwa mawu okha zimayenda bwino ngakhale pa 1 Mbps. Kanema wa YouTube wa 480p amafuna pang'ono kuposa 1 Mbps, wa 720p amafuna 2.5, ndipo wa 1080p amafuna 5. Msonkhano wa pa Zoom umakwana pa 2 kapena 3 Mbps, bola liwirolo likhale lokhazikika, ndipo pamenepo yang'ananinso nambala ya upload, ndiyo ya data yochoka kwa inu. Banja la anthu asanu likapeza 10 Mbps madzulo lili pabwino. Mukadziwa izi simudzaononga ndalama kuthamangitsa nambala imene ntchito yanu siikuifuna.

5. Pezani mbali imene kuli nsanja, muyambire pa zenera loyang'ana kumeneko. Ngati nsanja simukuiona, zungulirani mazenera onse ndi kabokosi, ndipo pa lililonse mudikire mphindi ziwiri kuti kakhazikike. Musadalire timizere ta pa kabokosi, chifukwa timizere tinayi tingaoneke pamalo abwino ndi pamalo apakatikati mofanana. Tembenuzani kabokosi, muwerenge kapepala komatidwa kunsi kwake kapena pansi pa batire. Pali nambala yonga 192.168.8.1 kapena 192.168.0.1. Ilembeni pamene mumalemba dzina la tsamba la intaneti, ndipo mulowa m'tsamba la kabokosi kanu. M'menemo funani RSRP, muyeso wa mphamvu ya 4G imene ikufika pa kabokosi. Nambala yake imayamba ndi chizindikiro chochotsera, choncho yooneka yaing'ono ndiyo yabwino: -80 ndi yabwino kwambiri, -90 mpaka -100 ndi yogwira ntchito, ndipo ikafika -110 muli m'mphepete mwa netiweki. Ngati pali SINR, imene imasonyeza kuyera kwa netiweki, iyo yaikulu ndiyo yabwino. Kupitirira 10 n'kokondweretsa. Ola limodzi limene mutaye pa ntchito imeneyi ndi limene lidzakupindulitseni kuposa zonse zotsatirazi. M'nyumba imodzimodziyo, zenera lakum'mawa likhoza kupereka -95 pamene lakumadzulo likupereka -108, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene kumachititsa kanema kuyenda kapena kuima.

6. Kwezani kabokosi m'mwamba, koma kasayandikire malata. Khomani kashelefu kathabwa pamtunda wa mamita awiri kuchoka pansi, ndipo pakati pa kabokosi ndi denga pakhale danga losachepera theka la mita. Chitsulo chimatchinga ndi kubweza mafunde a netiweki, ndipo madzi amawameza. Choncho kabokosi kasakhale kuseri kwa TV, pamwamba pa filiji, m'kabati, pafupi ndi mgolo wamadzi, kapena pa zenera lokhala ndi sefa yachitsulo yotchinga udzudzu. Mipiringidzo yotalikirana ya pa zenera sivuta kwambiri, koma sefa yothithikana ndi yoipa. Ndimamva chisoni ndikaona rauta yabwino itaikidwa pansi pakona, itafunditsidwa kansalu koluka kuti isachite fumbi, mwini wake akudandaula kuti kampani ikumubera. Ngati rauta ili ndi tinyanga, tiimitseni chilili.

7. Zenera labwino likakhala kumapeto kwa nyumba, sankhani zeneralo, osati pakati pa nyumba. Mabuku obwera ndi rauta amati iikidwe pakati, koma malangizo amenewo ndi a anthu amene intaneti yawo imalowa m'nyumba pa nthambo. Yanu imabwera mumlengalenga, ndipo imene kabokosi sikanailandire sikangaigawe. WiFi ikafooka kuchipinda chakutali, mungathe kuikonza: tsegulani zitseko za m'kati, sendezani thebulo logwirira ntchito kufupi, kapena onjezerani rauta yachiwiri. Werengani makoma a pakati pa kabokosi ndi mpando wanu. Khoma limodzi la njerwa zootcha WiFi imalidutsa, awiri imafika yotopa, atatu musayembekezere zambiri. Khoma lokhuthala ladothi, makamaka likanyowa m'dzinja, limatchinga kuposa mmene ambiri amaganizira.

8. Ngati rauta yanu imaonetsa maina awiri a WiFi, agaweni bwino. Limodzi ndi la 2.4 GHz, lina ndi la 5 GHz. La 5 GHz limathamanga koma silidutsa makoma bwino, choncho ndi la kompyuta kapena TV imene ili m'chipinda chimodzi ndi rauta. La 2.4 GHz limafika patali, ndilo la kuchipinda, kukhitchini ndi pakhonde. Ma rauta ena amalemba dzina la 5 GHz kuti 5G. Imeneyo si 5G ya pa nsanja.

9. Sinthani tchanelo pokhapokha ngati mwazunguliridwa ndi ma rauta ena. Pa mzere wa masitolo ku boma, kapena pa nyumba zoyandikana za aphunzitsi ndi anamwino, tsegulani WiFi pa foni muwerenge maina amene akuoneka. Akapitirira asanu kapena asanu ndi limodzi, lowani m'tsamba la rauta, pa 2.4 GHz muyese tchanelo 1, 6 ndi 11 imodziimodzi, mupime, musiye pa imene yapambana. Zitatuzi ndizo sizilowererana. Kumudzi kumene dzina looneka ndi lanu lokha, musakhudze kanthu.

10. Khomani kabokosi pa 4G, ndipo ngati muli kufupi ndi malire, zimitsani roaming. Kabokosi kakasiyidwa kuti kazisankha kokha, 4G ikangofooka pang'ono kamatsikira ku 3G n'kukhala komweko. M'tsamba lija sankhani "4G only", mupime masiku awiri. Ikamadukaduka, bwezerani mmene zinalili. Kwa anthu a ku Vubwi, amene ali pakati pa Malawi ndi Mozambique, ndi a m'mbali mwa msewu wa ku Chanida, pali chinanso. Mafunde sadziwa malire, ndipo SIM yanu ikhoza kulumphira pa nsanja ya TNM kapena Airtel ya ku Malawi, kapena pa Movitel ndi Vodacom za ku Mozambique. Roaming ndiko kugwiritsa ntchito netiweki ya dziko lina ndi SIM ya kwanu, ndipo mitengo yake si ya bando yanu ya masiku onse. Izimitseni, kenako pa kasankhidwe ka netiweki musankhe nokha dzina la kampani yanu.

11. Sinthani mapasiwedi onse awiri tsiku loyamba. Ilipo ya WiFi, ilipo yolowera m'tsamba la kabokosi, imene kawirikawiri imabwera ili "admin". Ya WiFi ikhale ya zilembo ndi manambala osachepera 12, isakhale dzina la mwana kapena nambala ya foni, ndipo chitetezo chikhale pa WPA2, kapena WPA3 ngati ilipo. Zimitsani WPS. Sabata iliyonse yang'anani mndandanda wa mafoni amene alumikizidwa, muwawerenge. Foni zamakono zimatha kugawa pasiwedi pongojambula kachizindikiro pa galasi, choncho imene munapatsa mlendo mmodzi ikhoza kufika kwa anyamata onse okhala pansi pa mtengo wamango kuseri kwa mpanda. Aliyense wolumikizidwa amadya gawo la liwiro lanu. Mukafuna kuthandiza anansi, chimene ndi chinthu chabwino, gwirizanani poyera za nthawi ndi za ndalama ya bando, ndipo muzisintha pasiwedi mwezi uliwonse.

12. Uzani foni ndi kompyuta iliyonse kuti WiFi yanu ndi yolipira. Zipangizozi zinapangidwa moganiza kuti WiFi ilibe malire, choncho zikangolumikizidwa zimayamba kukopera mapulogalamu atsopano ndi kutumiza zithunzi zonse kosungira pa intaneti, mwakachetechete. Apa ndi pamene mabando ambiri amathera, ndi pamenenso liwiro limatsikira popanda chifukwa chooneka. Pa Android, lowani pa dzina la WiFi yanu musankhe "metered". Pa kompyuta ya Windows yatsani "metered connection". Pa WhatsApp letsani makanema kuti asamadzikopere okha, pa Facebook letsani makanema odziyambira okha, ndipo YouTube muiike pa 480p. Masamu ake ndi awa: kanema woyenda pa 1 Mbps amadya pafupifupi 450 MB pa ola, woyenda pa 5 Mbps amadya kuposa 2 GB pa ola lomwelo. Pa galasi laling'ono la foni kusiyana kwake diso silikuona kwenikweni.

13. Ntchito zolemera muzizichita usiku kwambiri kapena m'bandakucha. Nsanja ili ngati mjigo wa pamudzi: madzi ndi omwewo, koma madzulo mzere umatalika. Liwiro likamakhala labwino pa 05:00 n'kugwa pa 20:00 pamene RSRP sinasinthe, kabokosi kanu kalibe mlandu, anthu achuluka pa nsanja. Kukopera mabuku a sukulu, kutumiza malipoti aakulu ndi kukonza mapulogalamu a kompyuta kuikeni pakati pa 23:00 ndi 06:00, ndipo funsani ngati kampani yanu ili ndi bando yausiku. Okhala kufupi ndi Mkaika akumbukire kuti kumapeto kwa Ogasiti, pa mwambo wa Kulamba, kumasonkhana khamu lochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, aliyense ndi foni yake. Zofunika kutumiza zitumizeni sabata imeneyo isanafike.

14. Konzerani kabokosi magetsi akeake, ndipo katetezeni ku kutentha. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, tonse tinaona mmene magetsi a ZESCO angasowere kwa maola ambiri pa tsiku. Werengani zolembedwa pa chaja: ma rauta ambiri amafuna 12V ndipo amadya pakati pa mawati 5 ndi 10, ocheperapo kapena ofanana ndi babu limodzi la LED. Kabatire kosungira magetsi a rauta, kotchedwa mini UPS, kamaiyendetsa maola angapo. Ngati muli ndi sola, rauta itengereni magetsi pa nthambo yokhazikitsa 12V, osati molunjika pa batire, chifukwa batire likamachajidwa limakwera kupitirira 14V. Kudutsira mu inveta kumataya magetsi pachabe. MiFi imayenda pa power bank wamba. Mu Okutobala, dzuwa la pa zenera ndi kutentha kwa malata zimafooketsa kabokosi, ndipo kakatentha kamachepetsa liwiro kapena kuzima kokha. Kaikeni pamthunzi, podutsa mpweya. MiFi musaisiye pa chaja usana ndi usiku; batire likatupa mpaka chivundikiro kukana kutsekeka, lichotseni tsiku lomwelo, chifukwa likhoza kuyaka. Magetsi akazima kwa nthawi yaitali netiweki n'kusowa pamene kabokosi kali koyaka, onani ngati foni ili ndi netiweki. Nsanja nayo imadalira mabatire ndi jenereta.

15. Gulani mlongoti wapanja pokhapokha RSRP ikakanirira kupitirira -105 pa mazenera onse. Musanagule, tulukani ndi kabokosi panja, mukwere pamalo okwera, muone ngati nambala ikusintha. Ikasintha kwambiri, mlongoti udzathandiza. Onani mtundu wa timabowo ta kabokosi kanu, chifukwa ma rauta ambiri ali ndi a SMA pamene ma MiFi ena ali ndi a TS-9, ndipo tengani kabokosiko popita kogula. Ngati timabowo tili tiwiri, gulani mlongoti wa nthambo ziwiri, pakuti 4G imathamanga bwino ikamalandira mbali ziwiri. Umangeni pa mtengo wolimba wopitirira denga ndi mita imodzi kapena iwiri. Nthambo ikhale yaifupi, mamita 5 ngati n'kotheka, osapitirira 10, chifukwa mita iliyonse imadya gawo la mphamvu imene mlongoti wakola. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri: wina pamwamba akutembenuza pang'onopang'ono, wina pansi akuwerenga nambala, kudikira mphindi imodzi pa kutembenuza kulikonse. Mukapeza pabwino, mangani zolimba ndipo mukulunge polumikizira ndi tepi kuti madzi asalowe. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, mabingu akayamba, zulani nthambo za mlongoti ndi chaja.

16. Pofikitsa WiFi ku nyumba ina ya pabwalo lomwelo, kokani nthambo. Nthambo ya Ethernet imanyamula intaneti mpaka mamita 100 osataya liwiro. Ilowetseni mu paipi yapulasitiki, muikwirire kuti makasu ndi makoswe asaidule, ndipo kumapeto kwake mulumikize rauta yachiwiri yotsika mtengo. Nayonso muziizula mbali zonse ziwiri kukamachita ziphaliwali. Kachipangizo kobwereza WiFi, kotchedwa repeater, n'kosavuta kuika, koma ka mtundu wamba kamadula liwiro pafupifupi ndi theka. Mukakagwiritsa ntchito, kaikeni pakatikati pamene WiFi ikadali yamphamvu, osati m'chipinda chimene yafera kale.

17. Ganizirani za Starlink ngati kwanu kulibiretu 4G ndipo muli gulu. Inayamba kugwira ntchito mu Zambia mu Okutobala 2023, ndipo imalandira intaneti kuchokera ku masetilaiti, choncho phiri la pakati pa inu ndi nsanja silikhalanso nkhani. Imafuna thambo loonekera bwino lopanda nthambi, magetsi ochuluka kangapo kuposa rauta wamba, ndi malipiro a mwezi ndi mwezi. Kwa sukulu, kopaletivu ya alimi kapena mishoni imene ingagawane mtengowo, ndi yoyenera kuiwerengera. Kwa banja limodzi limene 4G imafika, mlongoti ndi wotsika mtengo. Starlink imangokonza ulendo woyamba uja. Makoma, malata, mapasiwedi ndi mafoni odya data zimafunabe zonse zimene zanenedwa pa nambala 6 mpaka 12.

18. Pimaninso mvula ikakhazikika, ndipo manambala muziwalemba m'kope. Mu Disembala ndi Januwale mitengo imakhala itavala masamba onyowa, ndipo zenera limene linapambana mu Seputembala likhoza kugonja. Lembani tsiku, ola, RSRP ndi liwiro, kamodzi pamwezi. Liwiro likagwa mwadzidzidzi, zimitsani kabokosi kwa mphindi imodzi n'kukayatsanso, onani ngati bando sinathe kapena sinafike pamalire amene kampani imayamba kuchepetsa liwiro, kenako yesani SIM yomweyo mu foni. Zikapitirira masiku atatu, imbirani kampani muwawerengere manambala a kale ndi a tsopano, mutchule mudzi wanu ndi sukulu kapena kiliniki yapafupi, ndipo mupemphe nambala ya dandaulo lanu. Likapanda kuyankhidwa, pitani nayo nambalayo ku ZICTA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni m'dziko muno.